Ndani Adzathokoza Owerenga Nkhokwe Zathu?

Chaka chilichonse pa 1 Meyi, anthu a ku Mphamba ndi midzi yozungulira amapita ku boma la Lundazi kukaonerera chikondwerero cha Tsiku la Antchito. Aphunzitsi, anamwino ndi alangizi amaguba atavala zofanana, kenaka maina amaitanidwa limodzilimodzi, ndipo amene aposa anzawo pa khama amalandira mphoto, wina chikalata chaulemu, wina bulangete kapena matiresi, amayi akuimba nthungululu. Nzoyenera ndithu, pakuti wantchito wokhulupirika ayenera kuthokozedwa akali moyo. Komabe alipo antchito ena a boma amene ife oomba m'manja sitiwadziwa kwenikweni, chifukwa ntchito yawo imathera m'mapepala. Awa ndi anthu amene amawerenga, kusanthula, ndi kuuza akuluakulu a dziko zoona zake za moyo wathu.

Kumbukirani chilala cha mu 2024, pamene mvula inadula chimanga chitangoyamba kumasula. Pa 29 Febuluwale, Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti dziko lili pa ngozi, nanena kuti maboma 84 mwa 116 akhudzidwa, ndiponso kuti mwa mahekitala 2.2 miliyoni amene anabzalidwa chimanga, pafupifupi 1 miliyoni aonongeka. Pambuyo pake zinadziwika kuti zokolola zatsika kuchoka pa matani 3.2 miliyoni a chaka cham'mbuyo kufika pa matani 1.5 miliyoni okha. Poona zimenezi boma linapempha thandizo kwa maiko ena, linapangana zogula chimanga ku Tanzania, ndipo ofesi yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi ya DMMU inayamba kugawa chakudya.

Kodi manambala amenewa anachokera kuti? Chaka ndi chaka, chimanga chisanaume, Unduna wa Zaulimi pamodzi ndi bungwe la ziwerengero la ZamStats amatumiza anthu m'midzi yosankhidwa. Iwo amafunsa mlimi kukula kwa munda wake, mbewu imene anabzala, feteleza amene anathira ndi matumba amene ayembekeza kukolola. Mayankho amenewa amaphatikizidwa, ndipo akatswiri amawayerekeza ndi chakudya chimene dziko lonse lifuna pa chaka, kuti zidziwike ngati kudzakhala kotsala kapena kopereŵera. Nduna imawerenga zotsatira zake pa wailesi, ife nkumva dzina la nduna lokha. Amene anayenda ulendo wautali m'matope, ndi amene anakhala usiku akubwereza masamu kuti pasakhale cholakwa, maina awo satchulidwa. Paja akulu anati kuona maso a nkhono nkudekha, ndipo ntchito iyi ndi ya anthu odekha.

Chimodzimodzinso kalembera wa anthu. Chilandirire ufulu, Zambia yawerenga anthu ake mu 1969, 1980, 1990, 2000, 2010 ndi 2022. Mu 2010 tinali 13 miliyoni, mu 2022 tinapitirira 19.6 miliyoni. Pamene boma la Lundazi linagawidwa mu 2018, nkubadwa maboma atsopano a Lumezi ndi Chasefu, panafunika kudziwa kuti kulikonse kwatsala anthu angati, ana a sukulu angati, ndi midzi ingati yopanda mjigo. Ndalama za chitukuko za CDF zitakwera mu 2022 kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni m'dera la phungu aliyense, kufunika kwa ziwerengero zoona kunakulirakulira. Mudzi umene sunalembedwe bwino umaiŵalika pogaŵa, ngakhale anthu ake akumwa madzi pamodzi ndi ng'ombe.

Njira zothokozera antchito a boma zilipo kale. Mu 1994 nduna za maiko a mu Africa zoona za antchito a boma zinakumana ku Tangier, m'dziko la Morocco, nizipatula 23 Juni kukhala tsiku lokumbukira ntchito za boma. Mu 2002 bungwe la United Nations linavomereza tsiku lomwelo pa dziko lonse lapansi, ndipo mu 2003 linayamba kupereka mphoto kwa maofesi amene atumikira anthu mopambana. Kwathu kuno Pulezidenti amaveka nzika zina mamendulo aulemu pa 25 Meyi ndi pa 24 Okutobala. Funso ndi lakuti, posankha olandira, kodi timayang'ana chiyani? Nkosavuta kuyamikira wofika msanga pa ntchito, kapena womvera bwana mosayankha. Nkovuta kuyamikira amene walemba lipoti lonena kuti feteleza sanafike kwa eni ake, kapena kuti chipatala chimene chinalipiridwa chikadali pa maziko.

Abale athu a kutsidya kwa Lusuntha ali nacho chitsanzo. Mayi Martha Chizuma, pamene anali mkulu wa ofesi yomva madandaulo a anthu ku Malawi, anatulutsa lipoti mu 2016 losonyeza kuti mathirakitala ogulidwa ndi ngongole yochokera ku India, amene anayenera kuthandiza alimi ang'onoang'ono, anagulitsidwa motchipa kwa anthu audindo. Mu Disembala 2021 boma la America linawapatsa ulemu chifukwa cholimbana ndi ziphuphu. Patapita chaka chimodzi, mu Disembala 2022, apolisi a dziko lawo lomwe anawagwira mbandakucha, ngakhale kuti mlanduwo unathetsedwa pambuyo pake. Apa tiphunzirapo kuti chikalata chopachika pa khoma sichikwanira. Wofufuza zoona afunika kutetezedwa, kuti asachotsedwe ntchito kapena kutayidwa kutali chifukwa cha zimene wapeza. Wakutsina khutu ndi mnansi.

Nafenso tili ndi mbali yathu. Alipo ena pakati pathu amene akaona wolemba wafika, amabisa matumba kuseri, nati chaka chino sitinakolole kanthu, poyembekeza kulembedwa pa chakudya chaulere. Ena amachepetsa chiŵerengero cha ng'ombe poopa msonkho, pomwe lamulo la ziwerengero la mu 2018 limaletsa olembawo kuulula mayankho a munthu. Bodza lotere limabwerera kwa ife tomwe. Tikachepetsa ziŵeto, katemera amabwera wochepa. Tikanama za njala, thumba limene linayenera kupulumutsa mayi wamasiye wa kwina limalowa m'nyumba yokhuta kale.

Tsono mlangizi kapena wolemba akadzafika pakhomo panu, mumpatse mpando ndi madzi akumwa, ndipo mumuyankhe zoona. Akadzaitanitsa maina a oyenera mphoto, atsogoleri a maofesi ndi makomiti a chitukuko akumbukirenso uja amene ziwerengero zake zinapezeka zolondola pa nthawi ya njala. Mwina sitidzamuona akuguba kutsogolo, koma ambiri tinadya nsima chaka chija chifukwa iye sananame.