KAPOLO AMENE ANADZISINDIKIZILA YEKHA BUKU

Pali anthu ena ophunzila amene amanyoza mlembi wodzisindikizila yekha buku. Iwo amati buku lenileni ndi lokhalo limene kampani yaikulu yalivomela, ndi kuti munthu wolipila osindikiza ndi ndalama za m'thumba mwake ndiye kuti anakanidwa konsekonse. Otelewa ayenela kumva mbili ya Olaudah Equiano.

Equiano analemba kuti anabadwila pakati pa Aigbo, m'dziko limene lelo licedwa Nigeria, ndi kuti anagwidwa ukapolo akali mwana. M'caka ca 1766 anadziombola ndi mapaundi 40, ndipo mu 1789, ali ku London, anatulutsa mbili ya moyo wake yochedwa The Interesting Narrative.

Masiku amenewo alembi ambili anali kugulitsa zolemba zao kamodzi kokha kwa ogulitsa mabuku, phindu lonse la mtsogolo n'kukhala la wogulayo, monga mlimi wogulitsa cimanga cikali m'munda. Equiano sanatelo ai. Anayamba wasonkhanitsa maina a anthu oposa 300 olonjeza kugula, pakati pao mwana wa mfumu ya Britain, nawapempha kuti apeleke gawo la mtengo buku lisanatuluke. Ndalamazo zinathandiza kulipila osindikiza, ndipo umwini wa buku unatsala m'manja mwake.

Nchito yolemetsa inali kutsogolo. Popeza analibe kampani yomulengezela, anasenza mabuku ake nayenda m'mizinda ya England, Scotland ndi Ireland, kulankhula motsutsa malonda a akapolo ndi kugulitsa pomwepo. Ku Ireland kokha anakhalako miyezi yoposa isanu ndi itatu, ndipo iye mwini analemba kuti anagulitsako mabuku 1,900.

Mu 1792 manyuzipepala awili a ku London, The Oracle ndi The Star, anamunenela kuti sanabadwile ku Africa koma pacisumbu cina ca ku West Indies. Colinga cinali coonekelatu: mlembi akaoneka wabodza, umboni wake wa nkhanza za m'zombo za akapolo ugwa nao. Apa m'pamene umwini unamupindulila. Sanapemphe cilolezo kwa wina aliyense. Posindikizanso bukulo anaika kumayambililo yankho lake pamodzi ndi maina a anthu amene anamudziwa atangofika ku England. Za kumene anabadwila akatswili a mbili akali kukangana, pakuti kaundula wa ubatizo wake wa mu 1759 achula Carolina, koma buku lake liwelengedwa m'masukulu apamwamba kufikila lelo.

Pofika 1794 bukulo linali litasindikizidwa kasanu ndi kanai, ndipo linamasulidwanso m'Cidachi, m'Cijelemani ndi m'Cilasha. Equiano anamwalila mu 1797, zaka khumi nyumba ya malamulo ya Britain isanaletse malonda a akapolo. Mwana wake wamkazi, Joanna, atakwanitsa zaka 21 mu 1816, analandila colowa ca mapaundi 950 kucokela ku cuma ca atate wake.