Kusintha oyilo wa giyabokosi pakhomo: yambani ndi bauti ya pamwamba

Ambiri timakumbukira kusintha oyilo wa injini, koma wa mu giyabokosi timamuiwala mpaka giya itayamba kuvuta. Minibasi zakale monga Toyota Hiace, zomwe zimatinyamula popita kusukulu, kumaliro ndi kumaukwati, zambiri zidabwera kuno zitayenda kale mtunda wautali, ndipo mwini wake watsopano sadziwa kuti oyiloyo adathiridwa liti. Pagalimoto ya giya zosintha ndi dzanja, ntchitoyi tingaigwire tokha pakhomo mu ola limodzi, bola titsate ndondomeko yake.

Mkati mwa giyabokosi muli mawilo a mano omwe amalumana akamazungulira, mabeyaring'i, ndi timphete ta mkuwa totchedwa ma synchro, tomwe timalinganiza liwiro la mawilowo kuti giya ilowe bwino. Zonsezi zimadalira oyilo. Oyilo akakalamba amadzaza tizidutswa ta chitsulo, ndipo akachepa mano amakhulana n'kutentha. Tikatero timamva giya ikulimba m'mawa kukazizira, kapena kulira kwachilendo galimoto ikathamanga. Malita atatu a oyilo ndi otsika mtengo kwambiri poyerekeza ndi giyabokosi ina. Pagalimoto yonyamula katundu wolemera kapena yoyenda m'misewu ya fumbi, ndi bwino kusintha pafupifupi makilomita 40,000 aliwonse.

Tisanalowe pansi pa galimoto, tigule oyilo woyenera. Buku la galimoto ndilo limatchula mtundu wake. Ma Hiace ambiri akale amafuna 75W-90, malita awiri ndi pang'ono. Pabotolo pamalembedwanso GL-4 kapena GL-5. GL-5 ali ndi mankhwala ambiri a sulfure othandiza pamene zitsulo zapanikizana kwambiri, monga mu difu, koma m'magiyabokosi ena akale amadya timphete ta mkuwa tija. Ngati buku lanena GL-4 yekha, tisamvere wogulitsa wotiuza kuti zonse n'chimodzimodzi. Tikonzenso sipanala ya bokosi (pa Toyota zambiri ndi ya 24 mm), beseni lakale, nsanza, mawasha awiri atsopano, ndi kapampu ka pamanja kapena payipi yaitali yokhala ndi fanulo.

Tiyendetse galimoto mphindi khumi kuti oyilo afunde, popeza wofunda amatuluka msanga pamodzi ndi zinyalala zake. Kenako tiimike pamalo athyathyathya, tizimitse injini, tikoke handibuleki ndi kuika miyala kumatayala. Ma Hiace ambiri ndi okwera mokwanira kuti munthu akwawire pansi osaikweza. Ikafunika kukwezedwa, iyenera kukhala pa zochirikizira zachitsulo, kutsogolo ndi kumbuyo mofanana. Jeke payokha imatha kuphwa mwadzidzidzi, ndipo njerwa zimasweka galimoto ikazitsamira. Pansipo pamakhala chifuwa cha munthu.

Giyabokosi ili ndi mabauti awiri otsekera oyilo: yothirira, yomwe ili m'mbali chapamwamba, ndi yokhuthulira, yomwe ili pansi. Lamulo lalikulu pantchito yonseyi n'lakuti timayamba kumasula yothirira. Pagalimoto yakale bautiyi imatha kugwira dzimbiri kapena kuperepeseka mutu. Tikayamba ndi ya pansi, oyilo yense n'kutuluka, kenako ya pamwamba n'kukana, tatsala ndi galimoto yopanda oyilo yomwe sitingayende nayo ngakhale kupita kugalaja. Koma ikakana oyilo akadali momwemo, palibe chomwe tataya. Timangopita nayo kwa makaniko.

Ya pamwamba ikamasuka, timaika beseni n'kumasula ya pansi, mosamala chifukwa oyilo angatiotche. Fungo lake lamphamvu lisatidabwitse, ndi la sulfure uja. Pamene akutuluka, timuyang'anitsitse. Ngati bauti ya pansi ili ndi maginito, kaphala kotuwa komata pamenepo si vuto, timangopukuta. Zidutswa zogwirika ndi zala zikusonyeza kuti dzino kapena beyaring'i yayamba kuthyoka. Oyilo wooneka ngati tiyi wamkaka ndiye kuti mudalowa madzi, zomwe zimachitika tikaoloka mitsinje yodzaza nthawi ya dzinja.

Oyilo akaleka kudontha, timabwezera bauti ya pansi ndi washa watsopano. Tiyambe kuimanga ndi zala kuti ilowe molunjika, kenako sipanala, koma osakanikiza ndi mphamvu zonse, chifukwa magiyabokosi ambiri ndi a aluminiyamu ndipo mazinga ake sachedwa kutha. Tsopano timapopera oyilo watsopano pabowo la pamwamba mpaka atayamba kusefukira pang'ono. Bowolo ndilo muyeso wake, n'chifukwa chake galimoto iyenera kukhala yosapendekeka. Timadikira kusefukirako kuthe, n'kutseka.

Tikamaliza, tiyende nayo pang'ono n'kulowetsa giya zonse, kenako tisuzumire pansi ngati pali podontha. Giya ikamakukutabe, makamaka polowetsa yoyamba ndi yobwerera m'mbuyo, vuto lingakhale la kilatchi, ndipo apo mpofunika makaniko.

Oyilo wakale tisamutaye m'ngalande, kudzala kapena pafupi ndi chitsime, chifukwa amalowa pansi n'kuipitsa madzi omwe timamwa. Timuthire m'chigubu chotseka bwino, kutali ndi ana, n'kukamusiya kugalaja yomwe imalandira. Pomaliza, tilembe tsiku ndi makilomita m'kabuku kokhala m'galimotomo, kuti woyendetsa wina aliyense adziwe nthawi yosinthanso.