Ntchito ikaima pakati amalira ndani?

Telala wa ku Limbe akamva kuti ukwati walephereka diresi atadula kale, sataya nsaluyo. Amaipinda bwino, kuika chizindikiro pomwe walekezera, n'kukhala pansi ndi mwini wake kukambirana za ndalama.

Nzeru yomweyi amaigwiritsa ntchito akatswiri opanga mapulogalamu a kompyuta. Ambiri amatsata njira yotchedwa Scrum, yomwe adaikonza Ken Schwaber ndi Jeff Sutherland a ku America. M'malo mopanga pulogalamu yonse nthawi imodzi, amagawa ntchitoyo m'zigawo zosapitirira mwezi, chilichonse ndi cholinga chake.

Cholingacho chikapanda tanthauzo, kaya lamulo lasintha kapena kasitomala wasintha maganizo, chigawocho chimathetsedwa. Koma si aliyense angalamule zimenezi. Mphamvuyi ili ndi munthu mmodzi, woimira eni pulogalamuyo. Zomwe zatha amaziunika n'kuzilandira ngati n'zothandiza, zotsala amazibwezera pamndandanda kuti aonenso zoyambira. Chomwe chatayika sichiposa thukuta la mwezi umodzi.

Kulemera kwa nkhaniyi kudaoneka pa mapasipoti. M'chaka cha 2019 boma lidasainirana mgwirizano wa ndalama zokwana 60.8 miliyoni za ku America ndi kampani ya Techno Brain kuti ikonze makina opangira ziphasozi. Mu Disembala 2021 mlangizi wamkulu wa boma pamalamulo panthawiyo, Thabo Chakaka Nyirenda, adathetsa mgwirizanowo.

Kumayambiriro kwa 2024 ntchito yosindikiza mapasipoti idaima. Mtsogoleri wa dziko lino panthawiyo, Lazarus Chakwera, adauza Nyumba ya Malamulo kuti akathyali adalowerera makinawo ndipo ankafuna dipo. Ntchito idayambanso mu Malichi.

Omwe adamva kuwawa ndi anthu wamba: amayi a geni okapikula katundu ku Joni, ophunzira ndi odwala ofuna thandizo kunja, omwe ankangobwerera manjamanja ku ofesi za Immigration mumzinda wa Blantyre.

Kuimitsa ntchito si mlandu, pena kumapulumutsa ndalama. Koma woimitsayo ayenera kudziwa zomwe zatha, zomwe zatsala, yemwe wasunga makiyi ndi yemwe apitirize.

Mafunso omwewa ndi ofunika kubanja lomwe likumanga nyumba ku Bangwe kapena ku Chirimba. Mukasemphana ndi mmisiri khoma lili pawindo, werengani kaye matumba a simenti, mutenge pulani ya nyumbayo, kenaka mutsanzikane.