NKHALANGO YA MUDZI ISUNGIDWA NDI ENI AKE

Anthu onse a ku Dowa ndi ku Ntchisi alidziwa phiri la Ntchisi. Makolo athu ankabisala m'nkhalango yake masiku a nkhondo za Angoni, ndipo m'chaka cha 1924 Boma linalamula kuti nkhalangoyo ikhale yotetezedwa. Koma zitunda zambiri za m'maboma awiriwa tsopano zili zadazi. Mitengo inathera ku nkhuni, ku makala, ku zigafa za fodya ndi kuotcha njerwa. Mvula ikagwa pa chitunda chotere madzi salowa pansi, angothamanga nakokolola chonde cha m'minda, ndipo pofika mwezi wa October zitsime zimaphwa. Alonda a Boma ali owerengeka, sangakhale pa chitunda chilichonse. Motero ntchito yotsalayo ili ya eni midzi, ogwira mwa kufuna kwawo popanda malipiro.

Njira imeneyi si yachilendo. Kuyambira m'chaka cha 1926 mafumu analoledwa kupatula malo kuti akhale nkhalango ya mudzi. Lamulo la za nkhalango la m'chaka cha 1997 linalimbikitsanso mwambowu, nililola mudzi kusankha komiti yoyang'anira zachilengedwe. Nyakwawa apatula malo atamvana ndi anthu ake, anthu asankha amuna ndi akazi a m'komiti, ndipo onse pamodzi apangana malamulo: tsiku lotola nkhuni, mitengo yosayenera kudula, ndi chindapusa cha munthu wotentha tchire. Mlangizi wa za nkhalango awathandiza kulemba malamulowo.

Akuluakulu ena amafunsa kuti, kodi si thangata ameneyu? Iyayi. Iwo akumbukira malimidwe a zaka za m'ma 1950, pamene munthu wokana kuunda mizere yotchinga madzi ankalipitsidwa kapena kumangidwa, ndipo anthu anaida ntchito yabwino chifukwa cha kukakamizako. Pa nkhalango ya mudzi malamulo apanga ndinu, ndipo phindu lake litsala m'mudzi mwanu.

Ntchito yake iyenda ndi nyengo. M'miyezi ya May ndi June, udzu usanaumitse, anthu alambula njira kuzungulira nkhalango kuti moto wolusa usalowe. Moto wa mu October ndiwo umapha timitengo tating'ono, tsono wotchinga moto wapulumutsa mitengo yambiri koposa wobzala. M'chilimwe akonza nazale pafupi ndi madzi, nafesa mbawa, mtangatanga ndi msangu m'machubu, nasinthana masiku othirira. Mvula ikakhazikika aokera mbande. Tsiku lobzala mitengo linayamba pa 21 January 1976, koma masiku ano nyengo yobzala iyambira pa 15 December kulekeza pa 15 April. Musadikire kumapeto kwa nyengoyi, pakuti mbande yookedwa mu March sipeza mvula yokwanira kuti igwire.

Palinso njira ina yosalira ndalama. Mitengo yachilengedwe monga mombo, tsamba ndi msuku ikadulidwa, mizu yake imakhalabe ya moyo. Pa chitsa chilichonse siyani mphukira ziwiri kapena zitatu zamphamvu, zinazo sadzani. Mphukira zotere zikula msanga koposa mbande, chifukwa mizu yake inazama kale. Chofunika nkuletsa mbuzi, nkhwangwa ndi moto.

Mudzi wosunga nkhalango yake upeza milimo ndi phaso za nyumba pafupi, bowa m'dzinja, masuku, mankhwala, ndi uchi kwa amene apachika ming'oma. Amayi saonongeranso tsiku lonse kukafuna mtolo umodzi wa nkhuni. Koma komiti isamale: ndalama za chindapusa ndi za kugulitsa mitengo zilembedwe m'buku, ndipo ziwerengedwe pa bwalo pamaso pa onse. Anthu akayamba kukayika, sabweranso ku ntchito. Mbale wa mfumu akalakwa alipe monga wina aliyense.

Inu aphunzitsi, awerengereni nkhaniyi amene sadziwa kuwerenga, ndipo ana a sukulu akhale ndi nazale yawo. Inu a Nyakwawa amene mudzi wanu ulibe nkhalango, itanani msonkhano mvula isanagwe, ndipo mukaonane ndi mlangizi wa za nkhalango wa m'dera lanu kapena a ofesi ya za nkhalango pa boma la Dowa kapena la Ntchisi.