Makoko ndi Masamba Si Zinyalala

Kuno ku Milange tikapita kumsika timabwerako ndi majumbo. Mandasi m'jumbo, usipa m'jumbo, mtedza m'jumbo. Tikadya timataya. Koma jumbo siliola. Limakhala m'munda zaka zambiri, limatseka ngalande, ndipo mbuzi ikalimeza imatha kufa. N'chifukwa chake mu 2015 boma la Mozambique linaletsa majumbo opyapyala. Anzathu a ku Malawi anateronso chaka chomwecho.

Makolo athu ankakulunga mkate m'masamba a nthochi. Tsambalo likatha ntchito linkaola n'kusanduka manyowa.

Lero akatswiri a sayansi akutsata nzeru yomweyo. Amaphika ufa wosalala wa chinangwa kukhala phala lamadzimadzi. M'phalamo amathiramo madzi ofinyidwa ku zotsalira za masamba a tiyi, kapena ku makoko a mango ndi malalanje. Akaliyanika limauma ngati pepala.

Kodi madzi ofinyidwawo ntchito yake n'chiyani? Tonse tikudziwa kuti mtedza wokazinga ukakhalitsa umanunkha ndiponso umawawa. Mpweya ndiwo umawononga mafuta a mumtedzamo. M'masamba a tiyi ndi m'makoko muli mankhwala achilengedwe ochedwetsa kuwonongeka kumeneku. Motero pepalalo limasunga chakudya, ndipo likatayidwa limaola.

Mapepala otere akadali ndi vuto: akanyowa amafooka. Akatswiri akulimbana nalo vutoli.

Ife tisangodikira. Nthochi tili nazo. Titsuke tsamba bwino, tiliwambe pamoto kuti lisang'ambike, tikulungire chakudya chathu. Popita kumsika tinyamule dengu. Tikatero minda yathu ndi ziweto zathu zidzatetezeka.