Malipenga a ku Balaka ndi njira ya jazi

Aliyense amene anaimapo m'mbali mwa msewu gulu la malipenga la apolisi kapena la asilikali likudutsa pa perete adziwa kuti nyimbo zotere zili ndi mwambo wake wokhwima, pakuti woimba aliyense amaomba chokhacho chimene chinalembedwa papepala, ng'oma yaikulu niyendetsa mapazi, ndipo amene angaonjeze kake wachimwira gulu lonse. Komatu munali m'magulu a malipenga, mumzinda wa New Orleans ku America, momwe jazi anabadwira kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1900, pamene oimba akuda, pobwerera kuchokera kumanda ataika maliro, anayamba kumasula nyimbo za perete, wina natsogola ndi lipenga lake akupeka pomwepo zimene mtima wamuuza, anzake namamuyankha. Louis Armstrong mwini wake anaphunzira lipenga m'gulu la panyumba yosungira ana opulupudza, m'chaka cha 1913.

Kwathu kuno, boma la Balaka ndilo linalera oimba ochuluka. Gulu la Alleluya Band, limene linakhazikitsidwa mu 1978 mothandizidwa ndi Bambo Mario Pacifici, wansembe wochokera ku Italy, linaphunzitsa anyamata monga Paul Banda, mng'ono wake Lucius Banda amene anatisiya mu 2024, Charles Sinetre ndi Coss Chiwalo. Ndipo situdiyo ya Paul Banda, yotchedwa Imbirani Yahwe, inatulutsa makaseti amene anamveka m'minibasi ndi m'magolosale a dziko lonse. Chamba chawo chinatsamira pa rege, ndipo chida chimene chinalamulira nyimbo zojambulidwa m'Malawi masiku amenewo chinali kiyibodi, pakuti kiyibodi imodzi ikhoza kutsanzira malipenga atatu popanda kulipira anthu atatu. Sindinyoza nzeru imeneyo, popeza ndiyo inapatsa mwana wa mphawi mwayi wojambula; koma tivomereze kuti lipenga la m'kiyibodi lilibe mpweya wa munthu, silisasa mawu, silibuula, ndipo popanda zimenezi jazi palibe.

Amati mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa, koma pa nkhani iyi kalumo kali m'nyumba mwathu momwe. Ku Machinga, boma limene Balaka anali mbali yake kufikira 1998, Ayao amavina beni, gule amene anafala pamene asilikali a King's African Rifles anabwerako ku nkhondo ya 1914 mpaka 1918 ataona maperete ndi magulu a malipenga a Azungu. Kapenyereni beni pabwalo: amuna avala makhaki ndi zipewa, ena apachika mamendulo pachifuwa, mtsogoleri aliza wezulo, mzere wonse nutembenuka ngati wa asilikali, koma mukatchera khutu ku ng'oma mudzamva kuti sizikuyenda mowongoka monga za perete, zikulumphana ndi kuyankhana, ndipo chiuno cha wovina chikuchita zimene sajeni aliyense akanaletsa. Makolo athu anatenga mwambo wa msilikali naumasula, monga momwe anachitira a ku New Orleans, ngakhale sanadziwane konse.

Chifukwa chake ine ndikhulupirira kuti gulu la malipenga la kuno likafuna kujambula chimbale cha jazi cholimba mtima, lisayambe ndi kutsanzira America, koma liyambe ndi ng'oma za beni. Kuti Mmalawi angaikwanitse ntchito yotere tinaona kale, pakuti Erik Paliani, mwana wa dziko lino, ndiye anakonza chimbale cha Phola cha Hugh Masekela, katswiri wa lipenga wa ku South Africa, yemwenso lipenga lake loyamba analandira kwa wansembe, Bambo Trevor Huddleston, mu 1954.

Chovuta chili m'situdiyo. Ojambula athu anazolowera kuika chida chimodzi chimodzi pa kompyuta, ng'oma lero, gitala mawa, mawu mkuja. Koma jazi afuna kuti oimba onse akhale m'chipinda chimodzi, akuonana maso, kuti wa lipenga akapatuka panjira wa ng'oma amutsate nthawi yomweyo. Pafunika chipinda chachikulu, maikolofoni ambiri, masiku oyeserera amene wina ayenera kulipira, ndi wojambula wodekha amene sadzathamangira kufufuta pamene lipenga lasasa mawu.