Mmishonale amene anakana kuthawa ku Kigali

Ndege ya Pulezidenti Habyarimana itagwetsedwa pa 6 Epulo 1994, kuphana kunabuka m'dziko la Rwanda. Asilikali a ku France ndi Belgium anafika msanga kudzatenga nzika zakunja, kuphatikizapo ansembe ndi masisitere achizungu. Atutsi amene anathawira m'matchalitchi anasiyidwa, ndipo ambiri anaphedwera momwemo.

Bambo Carl Wilkens, mkulu wa bungwe la ADRA la mpingo wa Adventist, anatumiza akazi awo ndi ana atatu ku Burundi pagalimoto, iwo natsala. Ankadutsa m'misewu yotchingidwa ndi zigawenga kukapereka madzi kwa ana amasiye a ku Gisimba. Zigawenga zitazinga nyumba ya anawo, iwo anakachonderera nduna yaikulu Jean Kambanda kuti iletse kuphako, ndipo anawo anapulumuka.